Chaka Choipa Chisafufutidwe M'kaundula: Kuyesa Ziwerengero za Kuonongeka kwa Mbewu

Kampani ya inshuwalansi ikamaika mtengo woti mlimi azilipira pofuna kuteteza mbewu zake, imadalira ziwerengero za zaka zam'mbuyo. Zambiri mwa ziwerengerozi zimachokera m'makaundula a alangizi a zaulimi. Vuto ndi lakuti kuonongeka kwa mbewu sikuyenda mofanana chaka ndi chaka. Zaka zambiri mlimi amataya pang'ono, kenaka pamadza chaka chimodzi chosesa zonse, monga chilala cha 1991/92 chimene chinachepetsa chimanga cha m'Malawi kuposa theka, kapena namondwe Freddy wa mu 2023.

Ziwerengero zotere zikajambulidwa pa pepala, zambiri zimaunjikana mbali imodzi, pamene zochepa koma zikuluzikulu zimatambalala kutali ngati mchira. Akatswiri amati ziwerengerozo zili ndi mchira wolemera. Zikakhala choncho, avereji imanamiza. Mtengo wotengera avereji ya zaka zabwino umakhala wotsika, ndipo tsoka likagwa thumba limauma alimi asanalipidwe.

Njira zoyesera

Njira yoyamba ndi yapafupi: kutenga chiwerengero chachikulu koposa n'kuchigawa ndi zonse zitaphatikizidwa. Ngati chaka chimodzi mwa zaka 30 chikutenga gawo lalikulu la zonse zimene zinatayika, mchirawo ndi wofunika kuufufuza.

Yachiwiri ndi yodalirika kuposa pamenepo, ndipo mlangizi angathe kuichita ndi pensulo. Asankhe mulingo, mwachitsanzo matumba 5 otayika pa hekitala. Atenge ziwerengero zonse zopitirira mulingowo, aone kuti chilichonse chapitirira ndi matumba angati, n'kupeza avereji ya zopitirirazo. Akweze mulingo kufika pa matumba 10, kenaka 15, akubwereza zomwezo. Avereji ikamatsika pamene mulingo ukukwera, mchira ndi wopepuka. Ikamakwera limodzi ndi mulingo, mchira ndi wolemera, kutanthauza kuti chaka chikaipa chingathe kuipa kupyola zonse zimene zinalembedwapo. Alexander McNeil anagwiritsa ntchito njira imeneyi mu 1997 pa ziwerengero za ngozi zamoto za ku Denmark za zaka za 1980 mpaka 1990, ndipo avereji inkakwerabe. Moto si chilala, koma masamu ake ndi omwewo.

Njira zotsalazo zimafuna kompyuta. Mayeso a Kolmogorov-Smirnov, amene ambiri anawazolowera, amaona bwino pakati pa ziwerengero koma ndi ofooka kumchira. A Anderson-Darling amapereka mphamvu yambiri kumapeto, ndipo pa nkhani iyi ndiwo oyenera. Njira ya Bruce Hill ya mu 1975 imayesa kulemera kwa mchira, ngakhale yankho lake limasintha malinga ndi kuchuluka kwa ziwerengero zikuluzikulu zimene zasankhidwa.

Pamene pafunika kusamala

Zaka zoipitsitsa ndi zochepa, choncho umboni wa mchira umakhala wochepanso. Ena amaphatikiza makaundula a maboma ambiri kuti ziwerengero zichuluke. Koma chilala cha 1992 chinagwira Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi Mozambique pa nthawi imodzi. Malo 20 olemba chilala chimodzimodzicho sali mboni 20 zosiyana.

Cholakwa chachikulu chimachitikira ku ofesi, pamene wolemba lipoti aona nambala yosiyana kwambiri ndi zinzake n'kuichotsa poganiza kuti inalembedwa molakwa. Nambala yotere iyenera kutsimikizidwa kumunda, osati kufufutidwa. Munda umene sunabereke kanthu ulembedwe 0. Malo osiyidwa opanda kanthu kompyuta imangowadumpha, ndipo chaka cha njala chimasowa m'ziwerengero.

Pambali pa nambala palembedwenso kukula kwa munda, tsiku lobzala, choononga ndi mtundu wa mbewu. Mu 2016 inshuwalansi ya chilala imene boma la Malawi linagula ku African Risk Capacity poyamba sinalipire, chifukwa kuwerengera kunatengera chimanga chochedwa kucha pamene alimi ambiri anabzala chocha msanga. Izi zitakonzedwa, bungwelo linalipira madola 8.1 miliyoni a ku America mu Januwale 2017, miyezi yambiri zokolola zitalephereka kale.