Kodi Mwezi Umakhalapo Tikapanda Kuuyang'ana?

Tsiku lina Albert Einstein akuyenda ndi mnzake Abraham Pais, anaima n'kumufunsa ngati amakhulupiriradi kuti mwezi umakhalapo pokhapokha iye akauyang'ana. Funsoli likumveka ngati nthabwala, koma Einstein sankaseka. Ankatsutsana ndi akatswiri anzake a fizikisi amene ankati tinthu ting'onoting'ono ta m'chilengedwe sitikhala ndi malo enieni mpaka titapimidwa. Lero maganizowa afika pa mafoni athu, ndipo ena awakokera kutali. Akuti chilengedwe chimadalira diso la munthu, choncho chimene munthu akuganiza ndicho chimasanduka choona. Zikanakhala choncho, ndiye kuti mlengi ndi munthu, ndipo Sabata likanakhala chikumbutso cha ntchito imene Mulungu sanagwire. Nkhaniyi ndi yofunika kuimvetsa bwino.

Pali mfundo ziwiri zimene anthu amasokoneza. Yoyamba ikuti chilengedwe n'choyenerana ndi moyo wathu. Yachiwiri ikuti chilengedwe chilipo chifukwa ife tikuchiona. Tiyeni tizione payokhapayokha.

Chilengedwe choyenerana ndi moyo

Mu 1973, mumzinda wa Kraków ku Poland, munachitika msonkhano wokumbukira zaka 500 chibadwire Nicolaus Copernicus, amene anaphunzitsa kuti dziko ndilo limazungulira dzuwa. Pamsonkhanowo katswiri wina, Brandon Carter, anatchula mfundo imene anaipatsa dzina lakuti anthropic principle, kuchokera ku liwu la Chigriki lotanthauza munthu. Iye anati ngakhale sitili pakati pa chilengedwe, malo athu si malo wamba, chifukwa tingapezeke pokhapo pamene moyo ungatheke.

Asayansi atayamba kuwerengera, anapeza kuti zofunika kuti moyo utheke n'zambiri ndipo zinalinganizidwa mosamala. Tengani mphamvu imene imakokera zinthu pansi. Pakati pa mapulotoni awiri, mphamvuyi ndi yofooka kwambiri poiyerekeza ndi mphamvu ya magetsi, moti nambala yosonyeza kusiyana kwake ndi 1 wotsatidwa ndi maziro pafupifupi 36. Ikanakhala yaikulu kwambiri, nyenyezi ngati dzuwa lathu zikanakhala zazing'ono ndi zosachedwa kuzima.

Chitsanzo china ndi kaboni, amene ali m'thupi la chamoyo chilichonse. Mu 1953 Fred Hoyle wa ku England ankafufuza mmene kaboni angapangikire mkati mwa nyenyezi. Anapeza kuti zingatheke pokhapokha ngati mtima wa atomu ya kaboni uli ndi mlingo wina wake wa mphamvu, umene panalibe amene anali atautsimikiza. Akatswiri a ku Caltech ku America atapima, anaupezadi pafupi ndi pamene iye ananena. Hoyle sanali munthu wopembedza, komabe pambuyo pake anavomereza kuti zikuoneka ngati nzeru ina yaikulu inalinganiza malamulo a fizikisi.

Tingazifotokoze bwanji?

Ena amati palibe chodabwitsa, pakuti zinthu zikanakhala mwina, sipakanakhala munthu wofunsa. Katswiri wa filosofi John Leslie anayankha ndi fanizo. Munthu waweruzidwa kuti aphedwe, ndipo asilikali 50 odziwa kuwombera amulozetsa mfuti. Onse awombera, onse aphonya. Munthuyo sangangoti, poti ndili moyo palibe chofunsa. Ayenera kufunsa chimene chachititsa kuti onse aphonye.

Ena amati pali zilengedwe zina zosawerengeka, chilichonse ndi malamulo ake, ndipo ife tangopezeka m'chimene chinagwa bwino. Maganizowa ali ndi akatswiri ake, koma palibe amene anaonapo chilengedwe china kupatula chathuchi. Yankho lachitatu ndi limene Yesaya 45:18 akupereka: Mulungu anaumba dziko ndi cholinga choti mukhale anthu.

Apa tisathamange. Manambala a fizikisi satchula dzina la Mlengi, sanena za masiku 6 a chilengedwe, ndipo asayansi ambiri amene amawawerengera sagwirizana nafe pa za chiyambi cha moyo. Chimene manambalawa amachita ndi kusonyeza kuti funso lakuti ndani anakonza zimenezi si funso la munthu wosaphunzira. Dzina la wokonzayo timalipeza m'Malemba.

Nanga diso la munthu?

Mfundo yachiwiri inachokera ku fizikisi ya tinthu ting'onoting'ono. Maelekitironi akawomberedwa limodzilimodzi kudutsa pa timipata tiwiri, amasiya mizeremizere pakhoma la kutsogolo, ngati mmene mafunde a madzi amachitira akakumana. Koma mukaika chipangizo chodziwa mpata umene elekitironi iliyonse yadutsa, mizere ija imasowa. Poona zotere, John Wheeler, katswiri wa ku America, anaganiza kuti mwina oona amatenga nawo mbali popangitsa chilengedwe kukhala chenicheni.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti liwu lakuti kuona, m'fizikisi, silitanthauza diso kapena maganizo a munthu. Limatanthauza kukhudzana kwa kanthuko ndi chinthu china chimene chimasunga chizindikiro cha zimene zachitika. Chipangizo chija chikagwira ntchito usiku m'chipinda mopanda munthu, mizere imasowabe. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, chifukwa ukaikhudza imabweza tinyanga take. Fanizoli silikwanira kufotokoza zonse, ndipo akatswiri akukanganabe za tanthauzo lenileni la kupima. Koma likutithandiza pa mfundo imodzi: nkhono imasintha ukaikhudza, osati chifukwa waiganizira, ndipo si iwe unailenga.

Taonaninso nkhani ya pulaneti Neptune. Akatswiri a zakuthambo anaona kuti Uranus sikuyenda ndendende m'njira imene masamu ankasonyeza. Urbain Le Verrier wa ku France anawerengera kuti payenera kukhala pulaneti ina yosadziwika imene ikuikoka. Mu September 1846 Johann Galle analoza telesikopu yake ku Berlin pamalo amene Le Verrier ananena, ndipo anaipeza. Neptune inali ikukoka Uranus anthu asanadziwe n'komwe kuti ilipo. Sinadikire chilolezo chathu.

Woona amene sagona

Mu 1710 George Berkeley wa ku Ireland, amene pambuyo pake anakhala bishopu wa Anglican, analemba kuti chinthu chimakhalapo chifukwa chikuzindikiridwa. Koma iye sanapereke udindowu kwa munthu. Anati mtengo sutha tikachokapo chifukwa Mulungu amauona nthawi zonse. Sitiyenera kuvomereza zonse za Berkeley kuti tione kuti analoza kumalo koyenera.

Werengani Genesis 1 mofatsa. Kuwala, nyanja, zomera, dzuwa, mwezi, nsomba ndi mbalame zonse zinalipo munthu asanalengedwe pa tsiku lachisanu ndi chimodzi, ndipo amene ankaziona n'kuzivomereza anali Mulungu. Pa Yobu 38 Mulungu akufunsa Yobu kumene anali pamene maziko a dziko ankaikidwa, ndipo Yobu alibe choyankha. Akolose 1:17 akuphunzitsa kuti zinthu zonse zimagwirizika mwa Khristu. Chiphunzitso chathu cha akufa chikunenanso zomwezi. Mlaliki 9:5 akusonyeza kuti munthu akafa sazindikira kanthu, komabe mvula imagwa pamanda pake ndipo chimanga chimacha m'munda umene analima.

Mlendo akafika pakhomo n'kupeza mphasa yoyalidwa, madzi osamba otentha ndi nsima ili pamoto, amadziwa kuti eni ake ankamuyembekezera. Akanena kuti nyumbayo yamangidwa ndi maso ake, tingamudabwe. Ife ndife alendo oyembekezeredwa, osati omanga nyumba. Zimenezi zimatichepetsa, pakuti choonadi sichisintha chifukwa sitikuchifuna, ndipo tchimo lochitidwa mumdima ndi tchimo ndithu. Zimatitonthozanso, pakuti dziko silinasenzedwe pamutu pathu. Adamu analowa m'Sabata loyamba ntchito yonse yolenga itatha kale, iye asanathandizepo chilichonse. Uthenga wa mngelo woyamba pa Chivumbulutso 14:7 ukutiitana kulambira wopanga zonsezi, osati woziyang'ana.

Mafunso okambirana

1. Kunena kuti dziko linakonzedwera munthu kukusiyana bwanji ndi kunena kuti dziko limadalira munthu?
2. Mwana wa Fomu 3 atakufunsani ngati sayansi yatsimikiza kuti Mulungu alipo, mungamuyankhe bwanji mosakokomeza?
3. Ena amaphunzitsa kuti chilichonse chimene munthu angachiganizire mwamphamvu chimachitika. Zimenezi zikusiyana pati ndi pemphero la chikhulupiriro?
4. Salmo 8 likuika kuchepa kwa munthu ndi ulemerero wake pamodzi. Ndi iti mwa mbali ziwirizi imene timaiwala msanga?