Ndikaphunzire kumanga ndi matabwa, kapena ndikungotaya nthawi?



Ndine mtsikana wa zaka 27. Ndinamaliza digiri yojambula mapulani a nyumba ku MUBAS ndipo panopa ndikugwira ntchito pa kampani ina ku Lilongwe. Mtima wanga uli pokachita digiri yachiwiri ya kamangidwe ka nyumba za matabwa. Abwana anga akuti kuno ndi kwa njerwa ndi simenti, thabwa ntchito yake ndi denga ndi chitseko basi. Bambo anga nawo akuti munthu sakwera ndege kukaphunzira ukalipentala. Mnzanga wina, injiniya wa zomangamanga, alinso ndi maganizo ngati angawa. Kodi maphunzirowa amachitikira kuti, amaphunzitsa chiyani, nanga tikabwerako tidzadya?

Wofunitsitsa, Lilongwe

Yankho

Achemwali, pitani. Koma tiyambe tamvana chimene mukukatenga kumeneko.

Ambiri amene amafunsa funso ngati lanuli amakhala ataona zithunzi za Mjøstårnet, nyumba ya nsanjika 18 ya ku Brumunddal m'dziko la Norway, yotalika mamita 85.4, imene inatha kumangidwa mu 2019. Nyumba yotere simangidwa ndi matabwa a 2x6 a kumsika aja. Mizati ndi mitanda yake ndi glulam, matabwa ouma bwino omatidwa pamodzi ndi guluu kufakitale. Palinso CLT, matabwa osanjikizidwa mopingasana mpaka kukhala chipupa chathunthu, luso limene linakula ku Austria m'zaka za m'ma 1990 makamaka ndi kafukufuku wa Gerhard Schickhofer wa ku Graz. Zonsezi mukaziphunzira ndipo n'zokoma, koma si zimene zidzakudyetseni m'zaka zoyamba mukabwerera.

Chidzakudyetseni ndi kudziwa khalidwe la thabwa lenilenilo, zimene pa digiri yoyamba amangozidutsa mothamanga. Thabwa limamwa chinyezi n'kufufuma, likamauma limafota, ndipo limafota kwambiri m'lifupi kuposa m'litali. Mphamvu zake zili motsata mitsempha ya mtengo. Mopingasa ndi lofooka, ndipo mfundo iliyonse imalichotsera mphamvu. Matabwa opangira glulam amawaumitsa mu uvuni mpaka chinyezi chitatsika kufika pafupifupi 12 peresenti, ndipo thabwa likakhalitsa ndi chinyezi choposa 20 peresenti limayamba kuola. Lathu limachekedwa lero, mkucha lili padenga, msomali ukulowa madzi akutuluka. Pakatha miyezi ingapo denga lawerama, mwini nyumba n'kumati matabwa ndi achabechabe. Ku South Africa thabwa lomangira limabwera ndi chidindo, S5, S7 kapena S10, choti injiniya adziwe katundu amene lingasenze. Pamsika wathu timasankha ndi maso ndi kugogoda.

Phunziro lina lalikulu ndi la polumikizira. Nyumba ya matabwa kawirikawiri sithyokera pakati pa mtanda, imagonja pamene pali msomali, bawuti kapena chitsulo cholumikiza. Madenga a sukulu ndi matchalitchi amene amasasuka dzinja lililonse, ambiri sikuti thabwa linali laling'ono ayi, koma denga silinamangiriridwe bwino kukhoma, kapena misomali inali yochepa pamene mphepo imanyamula malata. Munthu wodziwa kuwerengetsa zimenezi motsata malamulo a kamangidwe a Eurocode 5 kapena SANS 10163 ali ndi ntchito kuno lero lomwe, osadikira nyumba zosanjikizana.

Za moto adzakufunsani kulikonse, ndiye yankho lake likhale pakamwa. Paini amapsa pa liwiro lodziwika, pafupifupi mamilimita 0.65 pa mphindi, kutanthauza masentimita ngati 4 pa ola. Kunja kukasanduka makala, makalawo amatchinga mkati. Thabwa lopyapyala limatha msanga, koma mtanda wokhuthala mukhoza kuuwerengera kuti usenze katundu kwa ola lathunthu moto ukuyaka.

Pa chiswe pokha samalani. Kumpoto kwa Ulaya chiswe si nkhani, choncho sukulu za kumeneko sizikhalitsapo. Mudzayenera kudziphunzitsa nokha za kulowetsa mankhwala monga CCA m'thabwa ndi mphamvu ya makina, ndi magulu amene amatsatidwa ku South Africa: H2 ya thabwa la m'nyumba, H3 ya panja koma losakhudza dothi, H4 ya lokwiriridwa pansi. Oyilo wakuda amene timapaka uja amangodetsa kunja.

Sukulu zilipo zingapo. Aalto University ya ku Finland ili ndi Wood Program ya chaka chimodzi, m'Chingerezi, imene ophunzira amajambula nyumba n'kuimanga okha ndi manja. Imeneyi ndi yokomera inu ojambula mapulani, koma dziwani kuti payokha si digiri yachiwiri. Mnzanu injiniyayo ayang'ane University of Northern British Columbia ku Prince George, Canada, kumene kuli Master of Engineering in Integrated Wood Design. Ku Biel m'dziko la Switzerland, Bern University of Applied Sciences imaphunzitsa digiri yachiwiri ya ukadaulo wa matabwa. Ku Linz, Austria, kuli maphunziro otchedwa überholz a anthu amene ali kale pantchito, koma amafuna Chijeremani. Bambo mukawauze za ku Linz kumeneku: wojambula mapulani, injiniya ndi mmisiri wa matabwa amakhala m'kalasi imodzi, chifukwa pa ntchito ya matabwa pulani yojambulidwa popanda kufunsa wogwira sowo imakakanika pomanga.

Mukandifunsa maganizo anga, kwa munthu wofuna kubwerera kumudzi ndingaike patsogolo Stellenbosch University ku South Africa, kumene kuli dipatimenti ya nkhalango ndi sayansi ya matabwa. Amafufuza paini ndi bulugama, ndipo Pinus patula wodzalidwa ku South Africa ndi yemweyo wadzaza ku Chikangawa. Ku Ulaya amamangira kwambiri mtengo wa spruce, umene kuno kulibe. Chokhacho, maphunziro a ku Stellenbosch ndi a kafukufuku, amafuna munthu wosathawa masamu ndi labu.

Abwana anuwo sakunama pa zonse. Kampani yoti ikulembeni ntchito yojambula nyumba za matabwa zokhazokha simudzaipeza msanga. Nkhalango ya Viphya, ya mahekitala pafupifupi 53,000, inaonongeka kwambiri ndi moto komanso kudula kosabwezeretsa, ndipo amene akukamba zomanga ndi matabwa osakamba zodzala akungosuntha vuto. Komabe kumbukirani kuti kuyambira mu 2018 malamulo a bungwe loyang'anira zomangamanga la NCIC analetsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi za mabungwe. Ambiri anathamangira mabuloko a simenti, ndipo mtengo wa simenti mukuudziwa. Madenga otambalala a nyumba zosungiramo katundu, maholo, makalasi ndi malo ogona alendo kunyanja, zonsezi zikufuna munthu woti asaine kuti thabwa ili lipirira.

Za ndalama, yesani thandizo la maphunziro la DAAD ngati mukuloza ku Germany, Commonwealth, kapena Chevening ngati mwapeza sukulu ku Britain. Chevening imafuna kuti mukhale mutagwira ntchito zaka 2. Chimene chidzakusiyanitseni ndi anzanu ofunsira ndi funso lanulanu la kafukufuku. Gulani kachipangizo koyezera chinyezi cha matabwa, muzungulire misika ndi kumacheka, muzilemba zimene mukupeza pa paini wa ku Chikangawa, Dedza ndi Zomba. Kalata yofunsira malo yokhala ndi manambala amenewo imawerengedwa mpaka kumapeto. Yambani mwezi uno, pakuti ambiri opereka thandizo la maphunziro amatseka kulandira makalata kutatsala pafupifupi chaka kuti sukulu itsegulidwe.