Timitengo ta Khirisimasi ta chokoleti: kaphikidwe ka ma brownies okongoletsa

Za mpunga ndi nkhuku ya pa Khirisimasi sizivuta kuganiza. Chimene chimaimika mutu ndi chotsekemera choti ana ndi alendo adye nkhomaliro ikatha. Keke yogula ndi yodula, ndipo yophika nokha imafuna kutakasa batala ndi shuga mpaka mkono kuwawa. Ma brownies safuna zonsezo. Mbale imodzi ndi mthiko zakwana, ndipo mukawadula mwaluso amasanduka timitengo ta Khirisimasi toti ana akongoletse okha.

Chakudyachi n'cha ku America, ndipo nkhani yofala imati chinayambira ku hotela ya Palmer House mumzinda wa Chicago mu 1893. Musayembekezere kuti chifufuma ngati keke. Brownie wabwino amakhala wamfupi, wolemera, wofewa ndi wonyowa pang'ono mkati, pamwamba pali kakhungu kopyapyala konyezimira.

Pa tini ya makona anayi, ya masentimita 20 mbali zonse, mufunika magalamu 120 a batala kapena majarini, kapu imodzi ya shuga (magalamu 200), mazira awiri, theka la kapu ya cocoa (magalamu 40), theka la kapu ya fulawa (magalamu 65), mchere wotsina ndi zala, ndi supuni yaing'ono ya vanila ngati ilipo. Zokongoletsera ndi kapu imodzi ya shuga wa icing, kabotolo ka utoto wobiriwira wothira mu zakudya, paketi ya Smarties ndi Kit Kat imodzi kapena mabisiketi aatali.

Ndalama zambiri zipita ku cocoa ndi shuga wa icing, zinazo mwina zili kale m'nyumba. Koma chitini cha cocoa cha magalamu 125 chimaphika katatu, choncho mutha kugawana mtengo ndi anzanu oyandikana nawo. Kabotolo ka utoto nako sikatha chaka chino, chifukwa mungothira timadontho. Batala amakoma kuposa majarini, koma majarini wolimba wa m'pepala, monga Stork, amagwira ntchito bwino pa mtengo wotsika. Wofewa wa m'kontena wopaka pa buledi uja ali ndi madzi ambiri, musiyeni.

Pogula chenjerani ndi zinthu ziwiri. Milo ndi chokoleti chakumwa si cocoa. Muli kale shuga wambiri, ndipo mukazithira mupeza chinthu chotuwa, chotsekemera mopyola, chopanda fungo la chokoleti. Fulawa nayo ikhale wamba, yosathira zofufumitsa. Musawonjezere soda kapena baking powder, ngakhale dzanja likuyabwa.

Za nthawi: kusakaniza ndi mphindi 15, kuphika mphindi 20 mpaka 25, kuzizira maola awiri, kukongoletsa theka la ola, ndipo icing amafuna ola lina kuti aume. Ndiye phikani pa 24 December madzulo, mukongoletse m'mawa mwake musanapite ku tchalitchi. Ma brownies ogona amadulika bwino kuposa a tsiku lomwelo.

Yatsiranitu uvuni pa madigiri 180. Pakani majarini m'tini, muyalemo pepala lophikira lotulukira mbali ziwiri, kuti pomaliza mungonyamula ndi pepalalo. Sungunulani majarini m'mbale pa moto wochepa, asabwadamuke. Phulani, thiranimo shuga akadali ofunda, mutakase kwa mphindi imodzi. Shuga wathu wofiirira amakhala wa mibulu ikuluikulu ndipo amachedwa kusungunuka, choncho ndi bwino kuyamba mwamusinja pang'ono mu kamtondo koyera, kosanunkha adyo kapena tsabola.

Gwirani mbaleyo kunja. Ngati ikuotcha, dikirani, chifukwa mazira mukawaswera m'mafuta otentha amapsa n'kusiya timibulu toyera. Ikangokhala yofunda, swerani dzira limodzi, takasani, kenako linalo, muthire vanila. Apa ndiye pogwiritsa mphamvu. Takasani kwa mphindi ziwiri kapena zitatu mpaka ziwoneke zosalala ndi zonyezimira. Shuga akasungunuka bwino m'mazira ndi pamene kakhungu ka pamwamba kaja kamabwera.

Sefani fulawa, cocoa ndi mchere pamodzi, chifukwa cocoa amakonda kuumbana. Thirani m'mbale muja, ndipo tsopano chepetsani dzanja. Tembenuzani pang'onopang'ono, musiye pamene fulawa yoyera yasowa. Kutakasa kwambiri fulawa italowa kumalimbitsa brownie. Okonda mtedza athiremo theka la kapu ya wokazinga, wofikisa makoko ndi woswa pang'ono. Sankhani wopanda chuku, ndipo funsani ngati pa alendo palibe amene mtedza umamuwenga. Khuthulirani m'tini, salazani pamwamba, ikani pakati pa uvuni.

Ambiri amalakwitsa pophula. Amadikira kuti kamtengo kobayira katuluke koyera monga amachitira ndi keke, ndipo pofika pamenepo ma brownies auma kale. Zikakwana mphindi 20, bayani pakati ndi kamtengo ka machesi kochotsa mutu. Kakatuluka ndi phala lamadzi, onjezerani mphindi zitatu. Kakatuluka ndi tinyenyeswa tonyowa tomatirira, phulani pompo. Tini ikadali yotentha, mkatimo mupitiriza kupsa.

Magetsi akathima, kapena ngati mulibe uvuni, mbaula ikwanitsa, monga mmene timaphikira chigumu. Thirani mchenga wouma wofika zala ziwiri pansi pa poto wamkulu, vindikirani, mutenthetse kwa mphindi 10. Khazikani tini pa mchengapo, vindikiraninso, muike makala oyaka pa chivindikiro. Pansi pakhale makala ochepa, ambiri akhale pamwamba. Cocoa akapserera amawawa, ndipo popeza ndi wakuda kale, maso sangakuuzeni msanga. Dalirani mphuno. Pa mbaula nthawi imatha kufika mphindi 30 kapena kupitirira, koma yambani kubaya pa mphindi 20 zomwezo, ndipo potsegula samalani phulusa lisagweremo.

Tsopano asiyeni azizire mpaka tini izizire pansi pomwe. Ana adzakakamira, inu kanani. Otentha amanyenyeka pa mpeni, ndipo icing amasungunuka n'kutsetsereka. Ngati muli ndi firiji, ola limodzi mmenemo limathandiza kwambiri.

Nyamulani ndi pepala muike pa thabwa. Dulani pakati kuti mukhale ndi zigawo ziwiri zazitali. Pa chigawo chilichonse ikani tizizindikiro masentimita 5 aliwonse m'mphepete mwa m'munsi, ndipo m'mphepete mwa m'mwamba muike pakatikati pa tija. Dulani mopendeka kulumikiza tizizindikiroto, uku n'kubwerera uku. Chigawo chimodzi chipereka timitengo 7 ta makona atatu, zonse pamodzi 14, ndi tizidutswa tinayi ta m'mphepete toti wophika alawe. Mpeni muziuviika m'madzi otentha ndi kuupukuta mukadula kulikonse, m'mbali mudzatuluka mosalala.

Icing wa batala amene mumamuona pa zithunzi za kunja amapangidwira Khirisimasi yozizira. Kuno December ndi wotentha ndi wa chinyezi, ndipo batala amalefuka mbale isanafike pa tebulo. Pangani wa madzi. Sefani kapu ya shuga wa icing, thirani supuni yaikulu imodzi ya madzi a mandimu, mutakase. Ngati walimba, onjezerani dontho ndi dontho, chifukwa madzi akangopitirira mudzafunika shuga wina wambiri kuti mubweze. Akhale woti mukakweza supuni akutsika mochedwa ngati chingwe. Patulani pang'ono akhale woyera, wotsalayo muthire madontho atatu kapena anayi a utoto wobiriwira. Icing wamadzimadzi saoneka pa brownie wakuda.

Ikani icing m'kapulasitiki koyera, mukankhire pa kona, mumange, mudule kansonga kochepetsetsa ndi lumo. Finyani kuyambira pamwamba pa mtengo, mzere wokhotakhota wonka nukula potsika. Icing asanaume, mwana aikepo Smarties atatu kapena anayi, wachikasu akhale pa nsonga m'malo mwa nyenyezi. Thunthu ndi kachidutswa ka Kit Kat kapena ka bisiketi. Boolani pang'ono pansi pa mtengo ndi nsonga ya mpeni, mupake icing, mulowetse mosakakamiza. Mitengo ya ana idzakhala yopindika, ina yodzaza maswiti mpaka kubisa zobiriwira. Asiyeni, mungobisa Smarties ena kuti akwanire mitengo yonse.

Ngati nthawi yathina, dulani tizidutswa 16 ta makona anayi. Jambulani nyenyezi pa pepala, muidule, muike pamwamba pa brownie, musefere shuga wa icing, kenako muchotse pepala mosamala. Izi chitani alendo atakhala kale pansi, chifukwa chinyezi chimamwa shugayo msanga.

Icing akauma, sungani m'kontena yotseka bwino pa malo ozizira, pomwe nyerere sizifika. Akhala bwino masiku atatu kapena anayi. Ngati mukupita nawo kumudzi kapena kwa achibale, nyamulani osakongoletsa, osanjikiza ndi pepala pakati, icing ndi maswiti mukaikire komweko.