Nkhope Yosemedwa Kuchokera pa Chithunzi: Mafunso ndi Mayankho

Ife amisiri osema matabwa kuno ku Mulanje talemba kabukuka chifukwa ena akudandaula kuti nkhope zosemedwa mothandizidwa ndi kompyuta sizifanana ndi eni ake.

Kodi chosema chotumphuka n'chiyani?
Ndi chithunzi chotuluka pang'ono pamwamba pa thabwa, ngati mutu wa Kamuzu Banda pa ndalama zachitsulo zakale.

Kompyuta imachita bwanji?
Imayerekeza chimene chili pafupi ndi chimene chili patali pa chithunzi, n'kupanga mapu otuwa: poyera n'pokwera, pakuda n'potsika. Kenako imafinya kuya konseko kuti kukwane m'thabwa, osafafaniza mizere ya maso ndi milomo. Makina oyendetsedwa ndi kompyuta otchedwa CNC amagoba ndi mpeni waukulu, n'kutsiriza ndi waung'ono.

Kodi nkhope idzafanana ndi malemu athu?
Kawirikawiri imafanana, koma sitingalonjeze. Chithunzi chimodzi sichionetsa kutalika kwenikweni kwa mphuno kapena kulowa kwa maso, ndiye kompyuta imangoyerekeza. Chipumi chong'anima ndi dzuwa chingatuluke ngati chotupa, tsitsi lakuda n'kusanduka dzenje, magalasi n'kumatirira kumaso.

Tibweretse chithunzi chotani?
Chooneka bwino, chojambulidwa pamthunzi, munthu atatembenukira pang'ono kumbali. Ngati zilipo zingapo, bweretsani zonse. Zodutsa pa WhatsApp zimafika zitachepetsedwa, makwinya atafufutika.

Bwanji mphuno ya agogo yatuluka yophwatalala?
N'chifukwa cha kufinya kuja. Mutu wathunthu ukupanikizidwa m'thabwa lopyapyala, ndipo mphuno ya munthu woyang'ana kutsogolo ndiyo imavutika kwambiri. Mmisiri amakonza mapu aja asanagobe, n'kumaliza ndi chizulo ndi sandipepala.

Mungagwiritse ntchito mkungudza?
Ayi. Mtengowu kwawo ndi m'phiri la Mulanje mokha ndipo watsala pang'ono kutheratu. Phirili linalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2025. Tingakambirane za mbawa kapena mlombwa wogulidwa movomerezeka.

Ndi ndalama zingati?
Zimatengera kukula, mtundu wa thabwa ndi kumene makina apezeka. Mtengo ungasinthe, ndipo kuzima kwa magetsi kungachedwetse ntchito.

Nanga chikapanda kufanana?
Pemphani kuona chithunzithunzi chake pa kompyuta thabwa lisanagobedwe, ndipo mubwere ndi achibale amene ankawadziwa bwino malemuwo. Pamenepo kukonza n'kosavuta. Mpeni ukadutsa, chogobedwacho sichibwezeredwanso, ndipo thabwa lina mwina mungalipirenso.