Za Kuweta Nkhuku Zopatsa Mazira ndi Nyama Yomwe

M'midzi ya kwa Kalindawalo, kuyambira ku Petauke kufikira ku Nyimba, khomo lopanda nkhuku lisowa. Nkhuku ndiyo ndiwo ya mlendo, ndiyonso igulitsidwa mwana akadwala kapena ikafunika ndalama ya sukulu. Koma nkhuku ya kumudzi njocepa thupi, ndipo siikira kwambiri. Iikira mazira 10 kapena 15, nifungatira, nilera anapiye, nibwereza cotero ngati katatu pa caka.

Ulipo mtundu wakale wopatsa zonse ziwiri, mazira ndi nyama, dzina lace Black Australorp. Unacokera ku Australia, ndipo nthenga zace nzakuda bii. Ku Malawi aucha Mikolongwe, cifukwa m'zaka za m'ma 1950 boma linayamba kuuweta pa famu ya Mikolongwe, ku Chiradzulu, kuti ukuze nkhuku za m'midzi. Thadzi la mtundu uwu likadya bwino likhoza kuikira mazira oposa 200 pa caka, ndipo tambala wace alemera ngati atambala awiri a kumudzi.

Koma walira mvula walira matope. Nkhuku imeneyi siikhuta ndi kupalasa kokha. Ifuna gaga, zotsala za nsawa ndi mpendadzuwa, ciswe, masamba awisi, ndi madzi oyera tsiku ndi tsiku. Siifulumira kuthawa kabawi kapena vumbwe, ndiponso siikhazikika pa mazira monga icitira ya kumudzi. Munthu wogulitsa nkhuku zace zonse kuti agule zakudazo angathe kutsala ndi khola lopanda kanthu.

Cifukwa cace mlimi wanzeru sataya mtundu wa makolo. Agula tambala mmodzi wakuda, namuika pa mathadzi 10 a kumudzi, atayamba wacotsa atambala ena onse. Anapiye obadwawo atengera thupi kwa atate wao, ndi kulimba kwa amai wao. Mathadzi akale awasunga ndithu, pakuti ndiwo odziwa kufungatira masiku 21 osacokapo, ndi kubisa anapiye pansi pa mapiko. Pakutha caka asinthana tambala ndi mnzace wa mudzi wina, kuti asakwere ana ace omwe, pakuti cibale cotere cifoketsa mtundu.

Mdani woposa onse ndiye citopa, nthenda imene ingathe kutha nkhuku za mudzi wonse m'masiku owerengeka, makamaka m'nyengo yotentha, mvula isanagwe. Nkhuku zisinza, zigwetsa mapiko, zicita cimbudzi cobiriwira, zina zipotoka khosi. Mankhwala ociza nthendayi palibe. Cingaitsekereze ndi katemera yekha. Katemera wochedwa I-2 adontheza dontho limodzi m'diso la nkhuku iri yonse, ndi anapiye omwe, miyezi 4 iri yonse, ndipo alangizi a ziweto ndiwo adziwa kumene apezeka. Tambala wogula kumene akhale payekha masabata 2 asanalowe m'khola, ndipo nkhuku yakufa yokha ikwiriridwe mozama kapena itenthedwe.

Khola likhale lokwezeka, losadontha. Alisese kawirikawiri, nathiremo phulusa kuletsa utitiri. Zitosi apite nazo kudimba.

Mwini khomo wofuna tambala wakuda caka cino ayambe watemera nkhuku zimene ali nazo, mwezi wa August usanathe. Tambala abwere pambuyo.