Kuphunzitsa za Magazi: Pamene Muyeso wa Shuga Usokeretsa

Aphunzitsi ambiri akafika pa mutu wa magazi amangoloŵezetsa ana maina a zigawo zake. Ife tifuna kuti inu mupitirire pamenepo, muwaonetse kuti muyeso uliwonse uli ndi maziko ake, ndipo maziko akasuntha muyeso unama.

Zoyenera kudziŵa mphunzitsi

M'maselo ofiira a magazi muli hemoglobini, imene imanyamula mpweya wabwino. Shuga wa m'magazi amamatirira pa hemoglobiniyo pang'onopang'ono, ndipo sachoka kufikira selo litafa. Popeza selo lofiira limakhala masiku ngati 120, kuchuluka kwa hemoglobini yomatidwa ndi shuga kumasonyeza m'mene shuga wakhalira pa miyezi iŵiri kapena itatu yapitayo. Muyesowu ndiwo HbA1c. Samuel Rahbar wa ku Iran ndiye anaona mu 1968 kuti hemoglobini yotere imachuluka mwa odwala shuga, ndipo mu 2011 bungwe la WHO linavomereza kuti mlingo wa 6.5 peresenti kapena kupitirira uzisonyeza nthendayi.

Koma hemoglobini si yofanana mwa anthu onse. Kuno kwathu ilipo ina yobadwa nayo, yotchedwa HbS. Woitenga kwa kholo limodzi kaŵirikaŵiri sadwala, ndipo Anthony Allison anasonyeza mu 1954 kuti wotereyu amatetezedwako ku malungo. Nchifukwa chake HbS imapezeka kwambiri m'maiko a malungo. Komabe njira zina zoyezera HbA1c zimasokonezeka nayo, nizipereka chiŵerengero chokwera kapena chotsika. Woitenga kwa makolo onse aŵiri ndiye amadwala nthenda ya sickle cell. Maselo ake amapindika ngati chikwakwa, nafa pa masiku 10 mpaka 20 okha. Shuga sapeza nthaŵi yomatirira, tsono muyeso umatsika ngakhale shuga ali wochuluka m'thupi. Munthu angabwerere kwao ali wokondwa, chonsecho maso ndi impso zikuonongeka.

Kaphunzitsidwe

Tengani tinsalu toyera tiŵiri, mutipachike m'khitchini yophikira nkhuni, malo amodzi. Kena mukasiye masiku 12; kenako muzikasintha ndi katsopano pa masiku aŵiri alionse. Tsiku lomaliza bweretsani tonse m'kalasi, mufunse kuti: "Kodi utsi unali wosiyana? Nanga bwanji kena kada ndi mwaye, kena kayera?" Musafulumire kuyankha. Ana adzapeza okha kuti utsi ndi shuga, kansalu ndi selo, ndipo kansalu koyera sikatanthauza kuti m'khitchini munalibe utsi. Kuno ku Mzuzu, lolani ana ayambe akambirana m'Chitumbuka asanalembe.

Chenjezo

M'kalasi mwanu mungakhale mwana wodwala sickle cell. Musamutchule, musamuyese chitsanzo. Fotokozani kuti nthendayi njobadwa nayo, si yopatsirana, si ya ufiti.

Kumbukiraninso kuti mphunzitsi si dokotala. Uthenga woti ana apite nao kunyumba ndi umodzi: wachibale akapita kukayezetsa shuga ku Mzuzu Central Hospital kapena kwina kulikonse, auze achipatala ngati m'banja muli sickle cell, ngati magazi ake ali ochepa, kapena ngati anaikidwa magazi posachedwa. Achipatala ali nazo njira zina, monga kuyeza shuga m'maŵa munthu asanadye. Mwana womvetsa za kansalu ndi utsi angathe kupulumutsa maso a agogo ake.