BONDO LA MTSIKANA PA BWALO LA MASEWERA

Anzanga, ambiri a ife timakonda mpira wa manja ndi wa miyendo, koma ndi owerengeka okha amene amaganizira za bondo limene limatinyamula pa bwalo. M'caka ca 2018 Mwai Kumwenda, katswiri wa ku Malawi, anaduka mtsempha wa m'bondo akusewerera Melbourne Vixens ku Australia, ndipo anakhala miyezi yambiri osaponya mpira. Ngati zotere zigwera akatswiri, nanga ife? Tiyeni tiphunzire za mtsempha umenewu ndi kasamalidwe kace.

M'kati mwa bondo muli mitsempha iwiri yopingasana imene imamanga fupa la nchafu ku fupa la msongolo. Wa patsogolowo madokotala amaucha ACL. Nchito yace ndiyo kugwira msongolo kuti usatsetserekere kutsogolo, ndi kuletsa bondo kupotoka. Ukaduka, kawirikawiri munthu amamva kuti thi! m'bondomo, bondo nkutupa, ndipo akayesa kutembenuka mwendo umagwedera. Kawirikawiri suduka cifukwa ca kugundana ndi mnzako ai, koma pamene wosewera atera atalumpha, kapena aima mwadzidzidzi, kapena akhota ali pa liwiro. Amene wacitidwa opaleshoni amadikira miyezi 9 kufikira 12 asanabwerere m'bwalo.

Pa masewera amodzimodzi, atsikana amaduka mtsempha umenewu kawirikawiri koposa anyamata. Zifukwa zina nza cibadwa, monga kukula kwa ciuno, ndipo zimenezo sitingazisinthe. Koma zina tingazikonze. Atsikana ambiri potera amaongola miyendo, maondo nalowa m'kati ngati afuna kugundana. Ndiponso minofu ya kutsogolo kwa nchafu imakhala yamphamvu koposa ya kumbuyo, pamene ya kumbuyoyo ndiyo imathandiza mtsempha uja kugwira msongolo.

Kodi kuzolowetsa thupi kumathandizadi? Inde. Ku Sweden anayesa atsikana 4,564 a zaka 12 kufikira 17, osewera mpira wa miyendo, ndipo zotsatira zace zinatuluka m'caka ca 2012. Ena anawauza kucita masewera olimbitsa bondo kwa mphindi 15 kawiri pa mlungu. Ena anangopitiriza monga mwa masiku onse. Pakati pa oyambawo, kuduka kwa mtsemphawu kunacepa ndi 64 pa 100. Taonani, theka la ora lokha pa mlungu!

Masewera ace safuna ndalama kapena cipangizo. Nawa asanu amene tingacite tisanayambe mpira:

1. Thamangani pang'onopang'ono, kenaka cham'mbali, ndiponso cobwerera m'mbuyo, kufikira thupi litatentha.

2. Imani motangadza pang'ono, nimutsike ngati mufuna kukhala pa mpando, msana uli woongoka, maondo atalunjika kumene kwaloza zala za kumapazi. Citani kakhumi.

3. Imani ndi mwendo umodzi, bondo litapindika pang'ono, muziponyerana mpira ndi mnzanu. Pakapita theka la mphindi sinthani mwendo.

4. Gwadani pa udzu, mnzanu agwire akakolo anu zolimba. Weramirani kutsogolo pang'onopang'ono, thupi lili ciongokere, kufikira mutalephera, ndipo mugwere pa manja. Yambani ndi katatu kokha, pakuti m'mawa mwace nchafu zimawawa.

5. Lumphani ndi kutera mofewa monga mphaka, maondo ndi ciuno zitapindika. Mnzanu aime patsogolo panu ndi kupenyetsetsa. Akaona bondo likulowa m'kati, anene msanga.

Cofunika si kucita kambiri, koma kucita molongosoka ndi kosalekeza. Amene acita mlungu umodzi naleka sapindula kanthu, cifukwa thupi limaiwala msanga cimene silinazolowere. Akulu anati m'mera mpoyamba: mtsikana wa Fomu 1 amene aphunzira kutera bwino lero sadzavutika kusiya cizolowezi coipa atakula.

Tsono ngozi ikagwa ticite ciani? Wovulalayo aturuke m'bwalo nthawi yomweyo, ngakhale timu yace ikugonja. Musamkoke mwendo, musamtikite. Ikani nsaru yonyowa ndi madzi ozizira pa bondopo, mwendo muukweze, ndipo aphunzitsi amperekeze ku cipatala. Kupirira nkupitiriza masewera si kulimba mtima ai, pakuti bondo logwedera limaononga zina za m'kati mwace, ndipo mwini wace angathe kudwala nyamakazi asanakalambe.

Cotero ndikupempha makapiteni a matimu athu kuti akambirane ndi aphunzitsi a masewera, tipatule mphindi 15 zoyamba kawiri pa mlungu. Mpira ukataika timagula wina, koma maondo tinapatsidwa awiri okha, ndipo ndi omwewo adzatiyendetsa kumunda, kumsika ndi kunchito titatsiriza sukulu.

Wophunzira wa Fomu 3